Kamera Yandijambula Ndikuthamangitsa Galimoto, Nditani Kuti Ntchito Isandithere?

Funso: "Ndine dalaivala pa kampani ina yonyamula katundu, ndipo ndayendetsa zaka 6 popanda mlandu uliwonse wapamsewu. Mwezi watha ndinachedwa kudzuka, ndiye ndinkathamangira kuntchito pa galimoto yangayanga. Tsopano ndalandira kalata yoti kamera inandijambula ndikuyenda makilomita 105 pa ola pamalo a 80. Mnzanga wina akuti ndingoisiya kalatayo, wina akuti ali ndi munthu amene angafafanize nkhaniyi, ndipo mng'ono wanga akuti ndilembe dzina lake kuti ndiye ankayendetsa. Abwana sindinawauze. Ndikuopa kutaya laisensi ndi ntchito. Nditani?"

Bambo, mtima ukhale pansi. Munthu amene wayendetsa zaka 6 popanda banga, akagwidwa koyamba pa liwiro ngati limeneli, kawirikawiri amalipira chindapusa, mwina n'kulembedwa mapointi (zizindikiro za mlandu zimene maiko ena amalemba pa laisensi, zikachuluka laisensi imaimitsidwa), nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi malangizo atatu amene mwapatsidwawo. Lililonse mwa iwo likhoza kukulitsa nkhaniyi mpaka ntchito kutha, ndipo awiri mwa iwo akhoza kukugonetsani m'ndende.

Tengani kalatayo muikhazike patebulo, muiwerenge yonse mpaka timalemba ting'onoting'ono takuseri. Anthu ambiri akangoona ndalama zimene zalembedwa mutu umaima, kalata n'kuiponya m'kabati ya m'galimoto. Inu onani nambala ya galimoto ngati ilidi yanu, tsiku ndi nthawi, malo, liwiro lololedwa, liwiro limene akuti munali nalo, ndiponso ndime ya lamulo imene akuti mwaphwanya. Kenako fufuzani chinthu chimene chimasiyanitsa makalata amenewa: kodi akukupatsani mwayi wolipira basi, kapena akukuitanani kukaonekera kukhoti? Ngati ndi samani yakukhoti, simungaithetse pongolipira pa kauntala pokhapokha kalatayo itanena choncho. Pomaliza pezani tsiku lomaliza kuyankha, mulilembe pa kalendala ndi m'foni momwe. Mutsimikizenso kuti kalatayo yachokeradi ku boma, chifukwa masiku ano akathyali amatumiza mauthenga abodza a chindapusa okhala ndi linki yolipirira. Imbani nambala ya ofesi imene mwaipeza nokha, kapena pitani komweko.

Masiku oyankhira amasiyana dziko ndi dziko, koma kapangidwe kake n'kamodzi: wofulumira amapepukidwa, wozengereza amalemedwa. Ku France wolipira m'masiku 15 amachepetseredwa chindapusa, wopyola masiku 45 amawonjezeredwa kwambiri. Ku Britain mwini galimoto amapatsidwa masiku 28 oti atchule amene ankayendetsa, ndipo kusayankhako ndi mlandu pawokha, wa mapointi 6, pamene liwiro wamba limakhala la mapointi 3. Apa ndiye pagona yankho la mnzanu woyamba uja. Mlandu suwola. Kalata mukaisiya imakhalabe m'kompyuta ya boma pa dzina lanu ndi nambala ya galimoto yanu, ndipo imatulukira tsiku limene simukuifuna: mukukonzanso laisensi, mukugulitsa galimoto, kapena pa chipata cha apolisi muli ndi katundu wa kampani kumbuyo. M'maiko ambiri khoti likhoza kuweruza inu kulibe, mwinanso kutulutsa chikalata choti mumangidwe. Dalaivala amene wamangidwa pamsewu galimoto ya abwana ili yodzaza sakhalanso ndi mpata wofotokoza bwino nkhani yake.

Za mng'ono wanu ndilankhulapo motalikirapo, chifukwa ndi langizo limene limaoneka ngati chikondi. Iye akuganiza kuti sayendetsa kawirikawiri, ndiye mapointi sangamupweteke. Koma mukalemba dzina lake pa fomu yotchulira amene ankayendetsa n'kusaina, mwanamiza boma mwadala ndi dzanja lanu, ndipo mlandu wasanduka wosokoneza chilungamo. Nonse awiri mwapalamula. Makamera ena amajambula kutsogolo nkhope n'kuoneka, foni yanu imasonyeza kumene munali, ndipo buku la pa geti kuntchito kwanu lili ndi nthawi imene munafika m'mawa umenewo. Ngakhale zonsezi zitapanda kufufuzidwa lero, bodzalo mwalisungitsa kwa munthu wina moyo wake wonse. Chris Huhne, amene anadzakhala nduna ya boma la Britain, anajambulidwa ndi kamera mu 2003 ndipo mkazi wake anavomera kutenga mapointi m'malo mwake. Banja lawo litatha nkhaniyo inaululika, unduna unatha mu 2012, ndipo mu 2013 onse awiri anagamulidwa miyezi 8 m'ndende. Ku Australia, Marcus Einfeld, amene anakhalapo woweruza wa khoti lalikulu, anajambulidwa ku Sydney mu 2006 pa mlandu wa chindapusa chochepa kwambiri. Ananena kuti galimoto inkayendetsedwa ndi mnzake wina, koma zinapezeka kuti mnzakeyo anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Mu 2009 anagamulidwa zaka 3. Anthu amenewa anali odziwa malamulo, okhala ndi maloya amphamvu. Mumuthokoze mng'ono wanuyo chifukwa cha mtima wake, koma mumukanire, ndipo mumuuze chifukwa chake kuti asadzachitirenso wina.

Wa "munthu wanga" uja musamumvere n'komwe. Kupereka chiphuphu ndi mlandu waukulu kuposa liwiro, ndipo nthawi zambiri ndalama zimadyedwa mlandu uli chikhalire m'kompyuta, inu mulibe risiti, mulibenso kokadandaula.

Tsopano njira zoona zatsala ziwiri: kuvomera n'kulipira, kapena kukana mlandu. Dziwani kuti m'malo ambiri kulipira ndi kuvomera, moti mukalipira simungabwerenso mawa kudzatsutsa. Choncho ganizani musanalipire, koma musapyole tsiku lija. Pali zifukwa zomveka zokanira. Mwina galimoto munaigulitsa tsikulo lisanafike, mwina ina ikuyenda ndi nambala yofanana ndi yanu, mwina chithunzi chikusonyeza galimoto yamtundu wina, mwina chikwangwani cha 80 chinagwa kapena chinabisika ndi nthambi. Ngati ndi nkhani ya chikwangwani, pitani msanga mukajambule malowo mbali imene munkachokera, zithunzi zikhale ndi tsiku, chifukwa nthambi zimadulidwa ndipo zikwangwani zimadzutsidwa. Muli ndi ufulu wopempha chithunzi cha kamera, ndipo mlandu ukapita kukhoti mukhoza kufunsa umboni woti makinawo anayesedwa pa nthawi yake.

Komabe musaike mtima pa mawu akuti makina amanama. Rada, makina amene makamera ambiri amagwiritsa ntchito, imayeza liwiro poona momwe mafunde amene yaponya asinthira pobwerera kuchokera ku galimoto, ndipo ikakhala yoyesedwa bwino imaphonya pang'ono kwambiri. N'chifukwa chake maiko ambiri amachotseratu kanthu pa nambala imene makina aonetsa: ku Germany amachotsa makilomita 3 ngati liwiro silinapyole 100, ndi 3 pa 100 alionse ngati lapyola. Kuphonya kotereku sikungafafanize makilomita 25. Enanso amati sipidomita yanga inkasonyeza zochepa. Malamulo amene mafakitale ambiri amatsata amaletsa sipidomita kusonyeza liwiro lotsika kuposa lenileni, koma amailola kukweza mpaka 10 pa 100 alionse kuphatikiza makilomita 4. Tanthauzo lake n'lakuti kamera ikati 105, muvi wanu uyenera kuti unali pamwamba pa 105. Zimasintha ngati munaika matayala aakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo, pamenepo sipidomita imatsitsadi nambala, koma khoti lidzati kusamala zimenezo ndi udindo wa mwini galimoto. Mlandu wa liwiro sufuna umboni woti munachita dala. Kusadziwa, kuchedwa kuntchito, kapena kunena kuti ena onse ankathamanga chimodzimodzi, sizimasula munthu.

Inu mwalemba nokha kuti munachedwa kudzuka ndipo munkathamanga. Ngati zimene zili m'kalatamo n'zolondola, maganizo anga ndi oti muvomere ndi kulipira pa nthawi yake. Wokana mlandu wodziwikiratu akagonja kukhoti amakhoza kupatsidwa chindapusa chokulirapo, kulipira ndalama za khoti, ndiponso wataya masiku antchito. Musanalipire funsani ngati kwanuko kuli mwayi wa maphunziro m'malo mwa mapointi, monga amachitira ku Britain kwa amene apyola pang'ono, kapena wolipira pang'onopang'ono ngati m'thumba mwavuta. Lipirani kudzera njira yovomerezeka yokha, risiti ikhale ndi nambala ya mlandu wanu, muijambule pa foni, pepala lenilenilo mulisunge ndi mapepala a galimoto. Pakatha milungu ingapo kafunseni ngati m'kompyuta mwalembedwa kuti munalipira. Zimachitika ndithu kuti munthu analipira koma mlandu ukuonekabe wotsegula, ndipo chomuwombola chimakhala risiti ija.

Za laisensi, dziwani pamene mwaima. Kumene kuli dongosolo la mapointi, mlandu umodzi wotere kawirikawiri suthetsa laisensi ya munthu amene analibe kanthu. Ku Britain amaimitsa munthu akafika mapointi 12 m'zaka 3, ndipo amene wangotenga kumene laisensi amalandidwa akafika 6 m'zaka 2 zoyambirira. Ku Germany malire ake ndi 8. Ku France zimayenda chobwerera, munthu amakhala ndi 12 ndipo amamuchotsera. Kumene kulibe mapointi, khoti ndi limene limakhala ndi mphamvu yoimitsa laisensi, makamaka kwa wobwereza kapena amene liwiro lake lafika poti n'kuyendetsa moika moyo wa ena pachiswe. Funsani ku ofesi yoona za malaisensi kuti mlanduwu ukhala pa dzina lanu nthawi yaitali bwanji, chifukwa m'nthawi imeneyo wachiwiri udzapweteka kuposa woyambawu.

Nkhani ya abwana ndi imene ikukusowetsani tulo, ndipo ndikumvetsa. Poti galimoto inali yanu ndipo simunali pa ntchito, mukhoza kuganiza kuti sizikuwakhudza. Tsegulani kontirakiti yanu ndi buku la malamulo a madalaivala. Makampani ambiri onyamula katundu amalemba kuti dalaivala anene mlandu uliwonse wapamsewu, kaya unachitika pa galimoto ya yani, chifukwa a inshulansi yawo amafuna kudziwa mbiri ya aliyense wogwira chiwongolero, ndipo ena amayendera malaisensi chaka ndi chaka. Ngati lamulo limeneli lilipo ndipo mwabisa, tsiku limene adzatulukire sadzakamba za 105, adzakamba za kusakhulupirika, chimene m'malo ambiri antchito ndi chifukwa chokwanira kuchotsera munthu. Ngakhale lamulolo litapanda kulembedwa, ine ndingakulangizeni kuti munenebe. Bwana amene amapereka galimoto ndi katundu wa ndalama zambiri m'manja mwa munthu amasamala kwambiri funso limodzi: kodi uyu zikamuvuta panjira adzandiuza zoona?

Musawakole m'khonde akuthamangira msonkhano. Pemphani mphindi zochepa mu ofesi, kalata ndi risiti zili m'manja, munene mwachidule motere: "Bwana, ndafuna mumve kwa ine. Pa tsiku lakutilakuti kamera inandijambula pa galimoto yanga ndikuyenda 105 pamalo a 80. Ndinalakwa, ndalipira, risiti ndi iyi. Laisensi yanga ikugwirabe ntchito, ndipo aka n'koyamba m'zaka 6." Mukatero khalani chete, iwo alankhule. Musanamizire kamera, musatchule anzanu amene amathamanga kuposa inu. Mukatuluka lembani kakalata kapena imelo yobwereza zomwezo, kuti pakhale umboni woti munanena ndi tsiku limene munanenera. Mwina adzakupatsani chenjezo lolemba. Lilandireni, ndipo ngati pali mgwirizano wa antchito kapena woimira antchito, mufunseni kuti chenjezolo limatha liti.

A inshulansi ya galimoto yanu nawonso musawabisire. Werengani pepala lanu muone ngati amafuna kuuzidwa nthawi yomweyo kapena pokonzanso, ndipo akafunsa za milandu yapamsewu yankhani zoona. Ndalama zolipira zikhoza kukwera kwa kanthawi, n'zoona. Koma amene wabisa amadzazindikira kukula kwake tsiku la ngozi, kampani ikafufuza mbiri yake n'kukana kulipira kapena kuchepetsa, iye n'kutsala ndi galimoto yophwanyika ndi ngongole.

Ngati kalata yanu ndi yokuitanani kukhoti, pitani, ndipo fikani msanga mutavala mwaulemu. Tengani laisensi, kalatayo, ndi kalata ya kuntchito yosonyeza kuti mumadyera chiwongolero. Mukavomera mlandu, woweruza amapereka mpata woti mulankhule asanagamule chilango. Ambiri amautaya mpata umenewu potsutsanso mlandu umene auvomera kale. Inu nenani zinthu zimene khoti limaziganizira: ndi koyamba, mwavomera msanga osataya nthawi ya khoti, palibe amene anavulala, ndipo laisensi ikaimitsidwa avutika ndi anthu amene mumawasamala, muwatchule ndi kuchuluka kwawo. Musakokomeze, oweruza amamva nkhani zoterezi tsiku ndi tsiku ndipo amazindikira zopeka. Loya mumufune ngati pali chiopsezo chenicheni choti laisensi iimitsidwa, ngati mlandu wasinthidwa kukhala woyendetsa mosasamala kapena moopsa, kapena ngati panachitika ngozi. Ndipo zikafika poti ayiimitsadi, musagwire chiwongolero ngakhale kamtunda kochepa. Woyendetsa ataletsedwa amapalamula mlandu umene m'maiko ambiri umafika ku ndende, ndipo inshulansi simuteteza. Ndi bwino kupempha abwana ntchito ina ya pa yadi kapena m'nyumba yosungira katundu kufikira nthawiyo itatha.

Ndikufuna tikambeko za makilomita 25 amenewo, chifukwa inu ndi munthu wa pamsewu tsiku lililonse ndipo muyenera kudziwa kulemera kwake. Pa 80, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi. Pa 105 imayenda 29. Tiyerekeze kuti mwana watulukira mumsewu, ndipo inu muli maso ndithu, mwatenga sekondi imodzi kuti phazi lifike pa buleki, tara ndi youma, matayala ndi abwino. Wa 80 amaima patatha mamita pafupifupi 57. Wa 105 amafunika pafupifupi 90. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti pamalo pamene wa 80 waimiratu, wa 105 amakhala akuyendabe makilomita oposa 70 pa ola. Zili choncho chifukwa mtunda woimira sukula mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa mabuleki umawirikiza kanayi. Bungwe la World Health Organization limanena kuti liwiro la pakatikati likakwera ndi 1 pa 100, ngozi zakupha zimakwera ndi 4 pa 100, ndipo lipoti lake la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse. Nanga munapindula chiyani m'mawa uja? Pa ulendo wa makilomita 40, wa 80 amatenga mphindi 30, wa 105 amatenga 23. Mphindi 7, ndipo zimenezo ndi ngati msewu uli wopanda maloboti, wopanda lole yoyenda pang'onopang'ono kutsogolo. Sindikunena izi kuti ndikuchititseni manyazi. Ndikunena chifukwa kalata imene mwalandira ndi chinthu chopepuka kwambiri mwa zonse zimene zikanatuluka m'mawa umenewo.

Kulumbira kuti sindidzathamanganso sikukhalitsa, kumatha pakapita mwezi. Chimene chimathandiza ndi kupeza chimene chimakankha phazi lanu. Kwa inu chinali kuchedwa, ndiye mankhwala ake ali pa nthawi yogonera ndi yonyamukira. Ngati munachedwa kudzuka chifukwa dzulo lake munaweruka usiku kwambiri, imeneyo ndi nkhani yokamba ndi abwana, chifukwa dalaivala wosagona mokwanira ndi woopsa ngakhale pa 60. Tsiku limene mwachedwa ndithu, imbani foni musanalize injini munene kuti mufika mochedwa ndi mphindi zakuti. Mukatero mtima umasiya kuthamanga, phazi nalonso limapepuka. Chinanso muchidziwa kale ngati dalaivala wa maulendo aatali: munthu akayenda nthawi yaitali pa liwiro lalikulu, thupi limazolowera, moti akalowa pamalo a 80 amamva ngati akukwawa pamene ali pa 100. Pamenepo musadalire mmene mukumvera. Chikwangwani chilichonse cha liwiro chikadutsa, maso agwe pa muvi. Ngati galimoto ili ndi kabatani koikira malire a liwiro, kagwiritseni ntchito, ndipo mapulogalamu ambiri a mapu a m'foni amasonyeza liwiro lanu ndi kuchenjeza mukapyola, bola foniyo ikhale pa choikira chake osati m'manja.

Poti mukhala muli mu ofesi ya abwana kale, onaninso ndandanda ya maulendo anu a kuntchito. Werengerani mtunda wa ulendo uliwonse, muugawe ndi nthawi imene mumapatsidwa, mutachotsa nthawi yokweza, yotsitsa ndi yopuma. Ngati nambala yotulukayo ikuyandikira kapena kupyola liwiro lololedwa pamsewuwo, ndandandayo singakwaniritsidwe popanda kuphwanya lamulo, ndipo chindapusa ndi mapointi zidzagwera inu, osati amene anailemba. Lembani mawerengedwewo papepala, ulendo ndi ulendo, muwapatse a za mayendedwe, ndipo kope lina musunge.